Mpanda Wofika M'chifuwa

Ababa anakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu kutsogolo kwa nyumba yathu kuyambira ine ndisanabadwe mpaka tsiku limene dzanja lamanja linawakana. Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu waukulu wolowa m'tauni ya Mangochi, ndipo kuno njinga ndiye ngolo, ndiye ambulansi, ndiye ofesi ya munthu. Ya kabaza, ya nsomba, ya makala, ya shehe, zonse zimaphulika chubu tsiku lina, ndipo zonse zinkathera pansi pa nimu uja. Ababa sankagula nyuzi, wailesi ankaitsegula pa mpira pokha. Nkhani zinkawapeza zokha, eni ake akuzikankha, mpweya utatha.

Matenda ofa ziwalo anawagwira akupopa tayala. Patapita miyezi pakamwa panamasuka, mwendo unayamba kukoka pang'onopang'ono, koma dzanja silinabwerenso. Masipanala tinawatsekera m'bokosi pansi pa bedi. Ine, mwana wawo wamkazi amene ndinatsala pakhomo, ndinkawatulutsa m'mawa uliwonse n'kuwakhazika pampando wa nsungwi pakhonde, atavala mzuli wawo woyera, nkhope italoza kumsewu.

Kuchipatala anatipatsa mapiritsi, koma mankhwala enieni anali msewuwo. Wa njinga aliyense wodutsa ankaliza belu kawiri n'kufuula kuti, "Salamu aleikumu, afundi!" Afundi ndilo dzina limene ankawaitanira chifukwa cha umisiri wawo. Ababa ankakweza dzanja lamanzere. Ankalikweza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, moti dzanja limenelo linanenepa kuposa mmene linalili ali bwino. Ena ankaima, phazi limodzi pansi, n'kuwauza mtengo wa usipa kapena za amene wakwatira mkazi wachiwiri. Sankadandaula masiku amenewo. Ankati ntchito yatha koma kasitomala sanathe.

Kenaka tauni yathu inaganiza zokongola.

Panabadwa komiti yokongoletsa tauni. Inati alendo opita kukasambira ku Chembe amadutsa msewu wathu, ndipo chimene amaona ndi mipanda ya udzu yopendama, matayala akale ndi mphasa za nsomba. Alendowo sindinawaonepo akutsitsa galasi la galimoto kuti atiyang'ane, koma mwina amaona bwino ali pa liwiro. Malamulo anatuluka. Nimu wathu anagwa, poti mizu yake inkaswa ngalande yatsopano. M'malo mwake anabzala timitengo tina tatitali towonda, tooneka ngati ambulera yopinda, tamthunzi wosakwana ngakhale nkhuku ndi anapiye ake. Nyumba iliyonse ya m'mbali mwa msewu inauzidwa kuti ichotse udzu n'kubzala mpanda wa maluwa aja a masamba achikasu, n'kuulera mpaka ufike m'chifuwa, ndi kuumeta mofanana pamwamba ndi m'mbali. Pakati pa mpanda ndi tala pasapezeke mpando, benchi, kaya lichero la mandasi.

Ndinene zoona, msewu unakongola. Akwati anayamba kubwera kudzajambulitsa pamaluwa athu. Achimwene anga aakulu, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni ndi jekete lachikopa losagwirizana ndi dzuwa la kuno, ankaima pageti manja m'chiuno n'kumati, "Tsopano Mangochi wayamba kuoneka ngati kokhala anthu." Ndinkawafunsa kuti kodi kale kunkakhala anyani. Mpandawo ankauthirira okha ndi madzi ogula pampopi. Mbuzi, zimene zimadya ngakhale makatoni, zinkangoununkhiza n'kupitirira.

Anthu ena onse anasamukira kuseri. A bawo anapita kuseri kwa golosale, amayi a zitumbuwa analowa m'tinjira, telala anabweza makina ake m'nyumba n'kumasoka mumdima. Masana dzuwa likafika paliwombo, odikira minibasi ankaima mondondozana mu kamthunzi ka kamtengo kamodzi, wina kumbuyo kwa mnzake ngati ana olandira phala kusukulu. Tikafuna kujambulitsa tinkapita kumsewu. Tikafuna kukhala tinkapita kuseri, komwe kunali konyansa monga kale ndipo kunali bwino.

Ababa okha ndi amene sakanatha kusamuka. Mpanda unawakulira akuuona. Unayamba ndi kubisa matayala a njinga, kenaka mawondo a okwera, kenaka anthu anatsala mitu yokhayokha yoyandama. Mvula yachiwiri itatha, munthu wokhala pakhonde pathu ankangoona masamba achikasu ndi thambo. Wodutsa naye ankangoona denga la malata. Belu munthu amalizira amene akumuona. Mabelu anayamba kuchepa, mpaka anatha. Kumsika anthu ankandifunsa kuti, "Kodi afundi munapita nawo kumudzi ku Chowe?" Ndinkati ali pomwe paja, ndipo iwo ankalonjeza kuti adzabwera kudzawazonda Lachisanu likudzali. Lachisanu la ku Mangochi limachedwa kufika.

Tsiku lina ndinapsa mtima. Ndinayala thabwa pangalande, ndinawaolotsa ababa, ndi kuwakhazika kunja kwa mpanda ndi mpando wawo. Dzanja lamanzere linagwiranso ntchito m'mawa umenewo. Dzuwa lisanakwere kwenikweni anafika bambo wa ku komiti, munthu wofatsa wa imvi m'ndevu, amene njinga yake yomwe anakwerayo inali ndi zigamba za ababa. Anawapatsa moni atagwira dzanja lawo ndi manja onse awiri, anafunsa za mwendo, kenaka anandiitanira pambali.

"Amayi, pepani. Mpando pano saloleza."

"Ndiye tidule mpandawu, ufike m'mawondo."

"Lamulo likuti ufike m'chifuwa."

"Chifuwa cha ndani? Chifuwa cha ababa si icho, chili apo?"

Anayang'ana ababa, anayang'ana mpanda, n'kukanda m'ndevu. "Amatanthauza cha munthu woimirira, amayi. Ine ndine wotumidwa chabe."

Sananame. Amene analemba lamulolo analilemba ali ndi miyendo iwiri yolimba, ndipo kwa iye mpanda umenewo sunkabisa kanthu. Bamboyo ananyamula yekha mpando kuubwezera pakhonde, anawagwira ababa m'khwapa powaolotsa, anapepesanso, n'kupita. Ndinamukwiyira kwambiri, makamaka chifukwa sanandipatse mpata womutukwana.

Kuyambira pamenepo ababa anayamba kufota. Ankangokhala pampando, khutu litaloza kumsewu. Nthawi zina ankalankhula okha kuti, "Tcheni icho chauma," kapena "Uyo sipoko zamasuka," koma mwini njinga anali atapita kale. Tsiku lina ndikuwameta anandiuza mawu amene anandibaya.

"Mwanangu, msewu wandiika m'manda ndisanafe. Tsono ndikadzafa zenizeni, adzatsikira ndani?"

Ankanena za masamba. Kwathu kuno pakhomo pakagwa maliro timathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa nyumbayo. Galimoto imachepetsa liwiro n'kuzimitsa nyimbo, wovala chipewa amavula, ndipo wa njinga amatsika n'kuikankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Ababa ankaona mwambo umenewu ngati wawo. Ali ndi mphamvu, ankatha kuthamangitsa mnyamata wodutsa pamasamba ali pachishalo, sipanala ili m'manja. Munthu amene anakhala moyo wake wonse akukweza anthu panjinga ankafuna tsiku limodzi lokha lakuti onsewo amutsikire. Ndinawauza kuti asiye kulankhula zoopsa, koma mumtima ndinadziwa kuti afunsa funso loona.

Yankho linabwera nthawi ya mwera, ndipo linabwera ndi komiti yomweyo. Kunamveka kuti kudutsa alendo olemekezeka, choncho anatumiza anthu ndi masizasi aakulu kudzameta mipanda yonse tsiku limodzi. Zometazo anaziunjika m'malire a nyumba iliyonse kuti lole idzatole. Lole inatola kumtunda, inatola kumunsi, koma pofika pathu inadzaza kapena inatha mafuta, sindikudziwa. Panatsala milu iwiri, wina kumanja kwa geti lathu, wina kumanzere. Mphepo inachita mbali yake, inaimwaza milu ija mopingasa tala, mwaudongo ngati yachita kutumidwa.

Anayamba kutsika ndi munthu wa nsomba wochokera kumlatho. Wa m'mbuyo mwake ataona mnzake akukankha anatsikanso. Wina anayang'ana denga n'kukumbukira kuti paja afundi ankadwala. Mawu akuti afundi amwalira anakafika kumsika asanatuluke thukuta.

Ine ndinali kuseri ndikupeta mpunga pamene ndinamva kulira pageti. Ndinataya lichero n'kuthamanga. Ndinapeza amayi atatu atafunda nsalu kumutu, akulowa chowerama, woyambayo akulira mokweza kuti, "Afundi ine, mwatisiya ndi yani!" Pakhonde panali afundiwo, kapu ya tiyi ili pabondo, chinangwa chili m'kamwa. Kulira kunaduka pakati ngati magetsi. Mayi wachiwiri anabwerera chambuyo n'kugwera m'maluwa.

"Lowani, lowani," anatero ababa atameza. "Mwafulumira pang'ono, koma lowani."

Kubweza uthenga kunali kosatheka. Amuna anayamba kufika magulumagulu, njinga akuzitsamiritsa pampanda womwe achimwene sankalola ngakhale mwana kuukhudza. Anafika shehe, akupuma mofulumira, atakwiya kuti maliro a munthu wa mumzikiti mwake akuwamvera kwa ogulitsa tomato. Aliyense ankalowa nkhope itagwa, n'kuima chilili, n'kuseka kuseka kwamanyazi, kenaka n'kukhala pansi, poti kubwerera pomwepo kukanaoneka ngati wakhumudwa kuti munthu ali moyo. Amayi anga anaphika tiyi mpaka shuga anatha, anakabwereka wina kwa aneba, nayenso anatha.

Achimwene manyazi anawagwira. Anatenga tsache kuti akasese masambawo, koma ababa anawaletsa. "Asiyeni. Si inu munawayala."

Sindinawaonepo akusangalala chotero chidwalireni. Ankaloza munthu mmodzimmodzi ndi dzanja lamanzere. Uyu anamukumbutsa kuti anamuphunzitsa kukwera njinga ali ndi makabudula obooka. Uyo anamufunsa ngati Lachisanu lija lafika tsopano. Wakabaza wina wamkulu, amene maso ake anali ofiirabe, ababa anamuuza kuti, "Iwe unalira zoona, ndakuona. Mabuleki ako ndidzakuuza pomanga, ulere." Anthu atabalalika ababa anandiitana. Mawu anali atasasa.

"Wawaona? Akuti kuyambira kumlatho mpaka pano zimayenda chokankha. Ndaona maliro anga, mwanangu, ndipo anali abwino. Tsiku lenilenilo musadzachepetse."

Ndinawalonjeza, ndikuseka, osadziwa kuti komiti yatidyera kale tsikulo.

Tauni inaseka nkhaniyi mwezi wathunthu. Munthu akabweretsa mphekesera ankamufunsa ngati si masamba a kwa afundi. Alendo pakhomo anachuluka kwa kanthawi, kenaka anayamba kuchepa monga kale. Ometa mipanda anapitiriza kubwera, lole inapitiriza kuchedwa, mwera sunasiye kuomba. Anthu a kuno sapusitsidwa kawiri. Anaphunzira kuti masamba a pamsewu wokongola ndi zinyalala za kukongola, ndipo anayamba kuwaponda ndi mtima woyera, wailesi ikulira pachiwongolero.

Ababa anamwalira nthawi yotentha, m'mawa, atangomaliza phala. Anangoti mutu ukulemera, ndinawagoneka, basi. Kwathu sitigoneka maliro, choncho zonse zinayenda mofulumira kuti aikidwe tsiku lomwelo. Uthenga unapita kumzikiti ndi kwa abale pafoni. Achimwene anathyola nthambi za mango kuseri n'kukaziyala pamsewu bwinobwino, kumtunda ndi kumunsi. A kumzikiti anabwera ndi jeneza, chonyamulira maliro, n'kulitsamiritsa kukhoma. Amuna anakhala pamphasa pabwalo, ife amayi tinali m'nyumba.

Ndili m'nyumbamo ndinkamva msewu. Unkayenda monga tsiku lililonse. Njinga zamoto zinkadutsa ndi nyimbo zawo, matayala ankapwanya nthambi za mango zija. Ndinasuzumira pawindo. Amuna onse aja, shehe ndi jeneza, anali atabisika ndi mpanda, poti nawonso anali atakhala. Kenaka wina anadutsa akupalasa mwamphamvu n'kufuula moseka kuti, "Afundi, lero mwafanso?"

Sindikumbukira kuti ndinaganiza. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ndinatulukira kuseri, ndinatenga chikwanje m'khitchini, ndinamanga chitenje m'chiuno, n'kudutsa pakati pa amuna aja, chinthu chimene mkazi sachita pamaliro. Ndinayamba kutema pafupi ndi geti, pansi penipeni.

Achimwene anandigwira mkono. "Achemwali, mwapenga? Anthu akuona. Nanga a komiti tikawauza chiyani?"

"Anthu ake ati akuona? Ndikufuna aone."

Amayi anga anaima pakhomo, maso otupa. Sanakweze mawu. "Musiyeni. Analonjeza."

Maluwa aja ndi ofewa pamwamba pokha, pansi ndi mitengo yeniyeni, ndipo achimwene anali atawadyetsa bwino. Tsinde loyamba linanditengera mphamvu zonse. Pa tsinde lachitatu wakabaza uja wolira zoona anadzuka, anandilanda chikwanje mwaulemu n'kupitiriza. Wina anapita kukabwereka nkhwangwa. Shehe anayang'ana kumbali, akuoneka kuti akuwerenga mikanda yake. Amene anandidabwitsa ndi achimwene. Anavula jekete, ananyamula chitsamba choyamba chathunthu, mizu yokha itatsala, n'kuchikokera pakati pa tala. Anabwerera kudzatenga china, misozi ikutsika, ndipo sindinawafunse ngati ankalirira ababa okha.

Nyumba inatsala pambalambanda, monga ndinkaidziwira ndili mwana. Msewu unaona mphasa, unaona amuna, unaona jeneza. Woyamba anali mnyamata wonyamula makala. Anamanga mabuleki mwadzidzidzi mpaka thumba linapendama, anatsika, n'kuvula kapusi. Wa m'mbuyo anatsika. Njinga yamoto inazima. Nkhani inabwerera kumsika, ulendo uno ili yoona, ndipo amene anaseka poyamba anabwera chothamanga kuposa anzawo.

Bambo wa ku komiti anafika nawo. Ndinamuona akukankha njinga yake kuchokera patali. Anaima pazitsa zija n'kuziyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaigoneka njingayo pansi pamalo oletsedwa, n'kukhala pamphasa. Jeneza litanyamuka anali m'gulu la oyamba kuliika paphewa.

Akazi sitipita kumanda. Ndinatuluka pakhonde, ndipo ndinapezeka ndakhala pampando wa nsungwi uja. Kuchokera pamenepo msewu wonse unkaoneka. Kutsogolo kunali jeneza likuyenda pamapewa, amuna akulandirana. Kumbuyo kunali njinga, zambiri moti sindinaone pothera pake, zonse zikuyenda chokankha.

Sadaka itatha ndi alendo atabalalika, bambo wa ku komiti anabweranso. Anapepesa maliro, anamwa madzi, anayang'ana zitsa zimene zinali zitayamba kale kuphukira.

"Amayi, mpanda ukufunika ubwerere."

"Ubwerera," ndinatero.

"Koma maluwa amenewa," anatero akuyang'ana kwina, "ena amachedwa kwambiri kukula. Zimatengera dothi."

Dothi lathu lakhala loipa kuyambira tsiku limenelo. Maluwawo safika ngakhale m'mawondo, ndipo chikwanje ndimachisunga kuseri kwa chitseko. Akwati amajambulitsa kwa aneba.

Amayi anga ndi amene amakhala pakhonde masiku ano, koma mpando wa nsungwi amaukana, amati ndi wolimba. Ndimakhalapo ndine ndikamasankha mpunga. M'mawa wina posachedwapa ndili chowerama ndinamva belu likulira kawiri. Sindinaone kuti anali ndani, anali atadutsa kale. Ndinangozindikira kuti lichero ndaligwira ndi dzanja limodzi, ndipo lamanzere lili m'mwamba.